Mtima wa a Mbewe ndi Nthochi za Eni

Osewera: ANACHISALE, mayi wogulitsa nthochi ndi zitumbuwa ku Ndirande. MBEWE, neba wawo, woyendetsa njinga yamoto ya kabaza.

(Tambala akulira. Tsache likusesa pabwalo, kenako lisiya mwadzidzidzi.)

ANACHISALE: Mayo ine! Mkoko wanga! Dzulo ndinausiya pakhonde pano wathunthu, lero wagweluka mano ngati agogo. (Akumenya malata a mpanda.) A Mbewe! A Mbewe, tulukani!

MBEWE: (Chapatali, mawu ofooka) Pang'onopang'ono amayi, muli matenda muno.

ANACHISALE: Matenda ake ati otaya makoko a nthochi kuchokera pakhonde panga mpaka pakhomo panu? Ndawalondola ngati mlenje.

(Chitseko chilira.)

MBEWE: Ndadya 9 zokha. Komanso sindinabe ayi. Ndatenga mankhwala kwa mwini matenda.

ANACHISALE: Mwati bwanji?

MBEWE: Chikanganirane za bilu ya madzi ija, tsiku munandiloza chala n'kunena kuti "muona", ine tulo sindituona. Ikangokwana 1 koloko usiku, mtima di! di! di! ngati mbalule. Thukuta kamukamu, manja njenjenje, mpweya wosakwana. Ndimangoti basi, mawa anthu adya nyemba pakhomo pano. Mwandichita chipongwe, Anachisale.

ANACHISALE: Ndiye kuti ndine mfiti?

MBEWE: Mawu amenewo mwanena ndinu.

ANACHISALE: Ufiti wanu ine ndimaununkhiza madzulo alionse. Umatuluka kuseri kwa bafa lanu, utsi wake tolotolo, mpaka zovala zanga pachingwe zimanunkha ngati zachokera ku Nkhotakota.

MBEWE: Aaa, kaja n'kofukizira udzudzu.

ANACHISALE: Udzudzu wake womwe umakuseketsani nokhanokha mumdima? Nkhuku zanga zikadutsa kumeneko zimabwera zikuyenda cham'mbali. Ndi fodya wamkulu ameneyo, bambo.

MBEWE: Chabwino, nanga ndi mlandu? Boma linaloleza chamba mu 2020. Muzimvera wailesi.

ANACHISALE: Inuyo mumamvera ndi khutu limodzi. Analoleza kulima, kwa anthu a ziphaso, cha mankhwala ndi cha m'mafakitale. Chosutira kuseri kwa bafa mukapezeka nacho mukagona ku Chichiri. Chiphaso chanu chili kuti?

MBEWE: Zisiyeni zimenezo. Chamba chimakhazika mtima pansi, aliyense amadziwa.

ANACHISALE: Wanuwo wakhazikika? Mwana wa achemwali anga ankayankhula chimodzimodzi. Tinakathera naye ku chipatala cha Zomba Mental, akuti anthu akumulondola. Adokotala anatiuza poyera kuti munthu akangosuta, mtima umayamba kuthamanga, ndipo ena chimawapatsa mantha oti afa pompo. Tsono inu mumathirirapo ndi tizitini tanu tija.

MBEWE: Ma energy? Aja ndi a ntchito. Munthu kuyambira 5 koloko m'mawa uli panjinga, Ndirande, Limbe, Chirimba, ukapanda kumwa ungagone pachiwongolero.

ANACHISALE: Angati patsiku?

MBEWE: Atatu. Likakhala tsiku lamalipiro a anthu, anayi.

ANACHISALE: M'mimba muli chiyani?

MBEWE: Chipisi cha pachiwaya, masana.

ANACHISALE: Chothira mchere ngati mukufutsa chikopa. Madzulo katoti ka kachasu "kochotsa kutopa", pamwamba pake utsi uja. M'tizitinimo muli caffeine, yemwe uja wa mu khofi, amene ntchito yake ndi kukwapula mtima. Chamba chikwapule, kachasu akwapule. Bulu mmodzi akapitawo atatu, ndiye bulu akathamanga muziti Nachisale wamulodza?

MBEWE: N'chifukwa chake ndinatenga nthochi. Pa gulu lathu la WhatsApp la akabaza wina analemba kuti mu nthochi muli potaziyamu, ukadya mtima umabwerera m'malo. Ndiye ndimati ndizisuta madzulo, usiku n'kumatsitsira nthochi. Zizilipirana.

ANACHISALE: (Kuseka mpaka kutsokomola) Zizilipirana! Mukuyatsa denga uku mukulavulira malovu kuti moto uzime. Potaziyamuyo alimodi, ndipo mtima umamufuna. Alinso mu nyemba, mbatata, mapeyala ndi nkhwani. Koma ameneyo ndi chakudya cha mtima, sachotsa utsi m'magazi. Bweretsani dzanja.

MBEWE: Mukufuna mundiikenso china?

ANACHISALE: Dzanja, bambo! Ine wa BP ndimapita kusikelo ya akuluakulu mwezi ndi mwezi, anamwino anandiphunzitsa. Zala ziwiri apa, pansi pa chala chachikulu. Yatsani wotchi ya pafoni yanuyo, mphindi imodzi. Khalani chete.

(Wotchi: thi, thi, thi. Nkhuku ikulira chapatali.)

MBEWE: Ndifa?

ANACHISALE: Chete! (Kanthawi) 96. Munthu wamkulu atakhala phee, umagunda pakati pa 60 ndi 100. Muli m'malire, koma simunatuluke.

MBEWE: Ndiye kuti nthochi zagwira ntchito.

ANACHISALE: Musachotse dzanja. Paja mukudziwa kuti kutchula mnzako mfiti ndi mlandu? Lamulo lake ndi lakalekale, la 1911. Kuwonjezera kuba nthochi, kuwonjezera zili kuseri kwa bafa zija. Ndikangomaliza pano ndikupita kupolisi.

MBEWE: Amayi! Amayi, taimani! Wayambanso! Ukumveka m'makutu! Ndi umenewu, ndi umenewu!

ANACHISALE: (Modekha) 124. Ndakudyetsani kanthu?

MBEWE: Ayi.

ANACHISALE: Ndakuwazani mankhwala?

MBEWE: Mwangotchula apolisi.

ANACHISALE: Basi. Mantha okha. Usiku zimakhalanso choncho. Utsi uja umauyambitsa, inu mumatchera khutu pachifuwa, mukaumva mumaopa, mukaopa umawonjezera liwiro, ukawonjezera mumayamba kugawa katundu wamasiye. Galu wothamangitsa mchira wake. Khalani pa mtondopo. Kokani mpweya ndi mphuno pang'onopang'ono. Tulutsani ndi pakamwa, motalikitsa, ngati mukuuzira phala la mwana. Kachiwiri. Musaleke.

(Kupuma kwa Mbewe, kukucheperachepera.)

MBEWE: Ukutsika. Anachisale, ukutsikadi! Ndiye kuti kuchipatala n'kosafunika. Ndizingouzira phala.

ANACHISALE: Mwayambanso nzeru za pa WhatsApp. Ine ndimagulitsa zitumbuwa, sindiona m'kati mwa chifuwa. Mtima umathamanganso magazi akachepa m'thupi, kapena BP ikakwera, kapena utadwala wokha. Akakuyezeni. Akaona kuti n'kofunika akutumizani ku Queens akakuikeni mawaya pachifuwa, aja amati ECG. Ndipo tsiku mudzamve chifuwa chikufinya, ululu ukutsikira kudzanja kapena kukwera kunsagwada, befu, kapena mudzakomoke, musadzabwere pakhonde panga kudzafuna nthochi. Mudzathamangire kuchipatala usiku womwewo.

MBEWE: Koma za bafazo ndikangoti ndi udzudzu.

ANACHISALE: Mukanene zonse. Chamba, tizitini, kachasu. Dokotala si wapolisi. Mukamubisira akupatsani mankhwala a matenda a munthu wina.

MBEWE: Nanga ndikasiya zonsezo ndizikhalira chiyani?

ANACHISALE: Nsima, ngati anthu ena onse. M'mawa phala la mgaiwa lothira nsinjiro musanakwere njinga. Masana nyemba kapena usipa, bonongwe pambali. Botolo la madzi pa njingapo m'malo mwa chitini. Mchere wa tsiku lonse usapitirire kasupuni kamodzi ka tiyi, magalamu 5, osati chikhatho chija mumathira pachiwaya. Masiku oyamba mudzavutika, tulo tidzasowa, mudzakwiyira aliyense. Mwana wa achemwali uja anatha masabata angapo akulumana ndi mthunzi wake womwe, koma zinatha. Zikakukanikani nokha, kuchipatala komweko kuli aphungu a zimenezi.

MBEWE: Mwayankhula ngati mayi anga. Bwanji nsimayo ndizidzadyera kwanu kuno, poti ndinu mukudziwa muyezo wa mchere?

ANACHISALE: Onani nkhope! Mfiti ija lero yasanduka wophika? Yambani mwalipira nthochi zanga 9.

MBEWE: Zinali 11. Ziwiri ndinadyera panjira.

ANACHISALE: A Mbewe!

MBEWE: Musakuwe, wayambanso!

ANACHISALE: Uzirani phala! Mukatha mutenge buku lanu lakuchipatala, mundikweze panjingapo. Lero ndi tsiku langa la BP, tikaima pamzere umodzi, ndikamve ndi makutu anga ngati mukatchule udzudzu.

MBEWE: Ulendo wake ndi wolipira umenewo.

ANACHISALE: Mudula pa nthochi. Ndipo bilu ya madzi ija ikadalipo.

(Njinga yamoto ikukana kulira kawiri, kachitatu ilira. Mawu a awiriwo akukanganabe, akuzimiririka.)