Mlandu wa 007 pa Benchi la Wometa

M'tauni muno mwamuna akhoza kuvomera kuti ndalama zamuthera, akhoza kuvomeranso kuti landilodi akumusaka, koma kuvomera kuti filimu inayake sanaionere, zimenezo iwalani. Aliyense anaionera, ndipo anaionera kalekale inu musanaimve n'komwe. Wofuna umboni apite Loweruka masana ku babashopu ina ya ku Ndirande, kumene benchi limadzaza mpaka kupindika pomwe ofuna kumeta ndi awiri okha. Enawo amadzera TV, soketi yotchajira foni ndi mtsutso.

Tsiku limeneli wometa anaika Skyfall, filimu ya James Bond ya mu 2012. Isanapite patali, Bond anawomberedwa ali pamwamba pa sitima ku Turkey, n'kugwa kuchokera pa mlatho wautali mpaka mumtsinje, thibu!

"Apa pokha atinamiza," anatero mnyamata wa kabaza. "Chipolopolo chamulowa, wagwa mtunda wonsewo, wamira, kenako timupeza akupapira mowa m'mbali mwa nyanja? Anamuvuula ndani?"

"Ekita safa," anayankha wometa osadzutsa mutu. Limeneli ndi lamulo lomwe tonse tinaliphunzira m'mavidiyo sho tili ana, titalowera ndalama yomwe anatituma kukagulira mchere.

Pamenepo aphunzitsi opuma anakonza pakhosi. Mkuluyu amavala jekete ngakhale mu Okutobala, ndipo sayamba kulankhula asanapinde nyuzipepala yake ya Lachiwiri.

"Iwe mnyamata, uyu ukumuonayu ndi Daniel Craig, wa dzulodzulo. Bond weniweni ndi Sean Connery. Dr. No inatuluka mu 1962, dziko lino lisanalandire ufulu, bambo ako asanabadwe. Ndipo nkhani zake analemba ndi Ian Fleming, m'mabuku. Umawerenga mabuku iwe?"

"Chabwino madala, inu owerenganu mutimasulire. Kazitape wanji amene akafika pa hotela amatchula dzina lake lenileni, mpaka kulibwereza kuti amve bwino? Suti yodula, galimoto yoti msewu wonse ucheuke, ndipo woperekera zakumwa akudziwa kale chomwe amamwa. Chinsinsi chake chili pati?"

"Ndi khalidwe la Angelezi limenelo. Munthu wophunzira sabisa dzina."

Telala wa pakhonde anasiya mashini n'kusuzumira pakhomo, tepi ili m'khosi. Iye vuto lake silinali Bond koma adani ake. Mu Goldfinger ya mu 1964, mkulu wa golide uja amugwira Bond, ammangirira pa tebulo, moto wa laser ukuyenda pang'onopang'ono kulunjika malo osatchulika, kenako n'kumusiya wamoyo, kumukweza ndege mpaka ku Kentucky. Komweko aitanitsa zigawenga zinzake, awatulutsira chifanizo chonse cha Fort Knox, awafotokozera pulani mwatsatanetsatane, akamaliza n'kuwapha ndi mpweya wapoizoni.

"Nanga ankawafotokozeranji anthu oti awapha pompo?"

"Pakadafunda padajiwitsa," anatero aphunzitsi, ngati kuti ayankha.

"Ayi bambo, ndi ubwana chabe," anatero wometa. "Bwana sangachite kanthu asanalankhule pa msonkhano. Ngakhale akufuna kuwononga dziko lonse, ayambe wathokoza onse amene abwera."

Kenako analowererapo achimwene a ku Joni, omwe anakhalako ku Johannesburg ndipo salola kuti mphindi khumi zidutse anthu asanakumbutsidwe. Amapukusa makiyi a galimoto pa chala tsiku lonse. Iwo Skyfall anaionera pa sikirini yaikulu ngati khoma la tchalitchi, choncho anaona zomwe ife a TV ya mainchesi ochepa sitingaone.

"Tamverani amwene. Silva, amene akusewera Javier Bardem, akugwidwa dala. Akudziwiratu kuti kamnyamata ka magalasi kaja, Q, kalumikiza laputopu ya mdani ku makompyuta a MI6, zitseko zonse n'kutseguka. Katswiri wa makompyuta ameneyo? Kenako athawira kunsi kwa London, aphulitsa bomba, sitima n'kugwera ndendende pamene paima Bond. Anadziwa bwanji kuti Bond aima pamenepo, mphindi imeneyo? Zonsezi kuti akawombere mayi mmodzi wokalamba, M, bwana wa Bond, pomwe Bond yemweyo walowa m'nyumba mwa mayiwo usiku popanda womufunsa!"

"Ku London sitima sizichedwa," anatero aphunzitsi, omwe ulendo wawo wautali kwambiri unathera ku Karonga.

Benchi linagwedeza mutu, achimwene a ku Joni n'kumva kukoma. Kukomako ndi kumene kunawapweteketsa.

"Koma Bond yemwe ndimamupatsa ulemu ndi uja anakwera nyumba yaitali ya ku Dubai ndi manja."

Kunangoti zii. Aliyense anadziwa, koma m'tauni munthu wa makiyi sakonzedwa pagulu. Kamwana ka sukulu komwe kankadikira kumetedwa ndi komwe kanalibe mwambo.

"Ankolo, ameneyo ndi Tom Cruise. Ndi Mission: Impossible imeneyo."

"Iwe, tenga ndalama iyi ukandigulire mayunitsi. Usathamange."

Wometa, pofuna kupulumutsa kasitomala, anatulutsa nzeru yake yomwe amainyadira. Connery, George Lazenby, Roger Moore, Timothy Dalton, Pierce Brosnan, Craig: nkhope zisanu ndi imodzi, dzina limodzi. Ndiye kuti James Bond ndi dzina la udindo, ngati la ufumu. Wina akatsika, wina amalowa dzina, mudzi n'kumapitirira. N'chifukwa chake Judi Dench anali M wa Brosnan kuyambira mu 1995, n'kukhalanso M yemweyo mu Casino Royale ya mu 2006, pamene Craig akungoyamba kumene ntchito ya 007.

Nzeruyi inalamulira kwa kanthawi, mpaka filimu yomwe inali pa TV inafika ku Scotland n'kuonetsa manda a makolo a Bond, dzina la Bond litalembedwa pamwala poyera.

"Nanga makolo akenso analowa dzina?" anafunsa wa kabaza.

Wometa anakweza phokoso la mashini.

Nkhani ya mabodza ikatopetsa, bwalo limasamukira ku nyimbo, ndipo kumeneko ndiye kulibe chibale. Aphunzitsi amati pambuyo pa Shirley Bassey kunalibenso woimba. Ndi yekhayo amene anaitanidwa katatu kuimba nyimbo ya filimu ya Bond: Goldfinger, Diamonds Are Forever mu 1971 ndi Moonraker mu 1979. "Mayi ameneyo akatsegula pakamwa, malipenga amachita kumuthamangira pambuyo. Osati kamtsikana kanu ka Billie Eilish, koimba monong'ona ngati kakuopa kudzutsa mwana."

"Konong'onako kanatenga Oscar, madala. Adele anatenga Oscar ndi Skyfall yomweyi. Sam Smith anatenganso. Mayi anuwo nyimbo zawo zitatuzo zinatenga zingati?"

"Mphotho ndi ndale."

Achimwene a ku Joni anaima ndi Tina Turner wa GoldenEye, telala anasankha Live and Let Die ya Paul McCartney ya mu 1973. Mukamvetsera bwino mupeza kuti palibe amene akunena za malipenga kapena mawu. Aliyense akuteteza nyimbo yomwe inkalira chaka chimene tsitsi lake linali lodzaza ndipo ankafunsira mbeta molimba mtima. Kunyoza nyimboyo n'kumuuza kuti wakalamba.

Mnyamata woimba kiyibodi ku tchalitchi, yemwe anali chete akutchaja foni, anakumbutsa bwalo kuti ngakhale kanyimbo ka gitala ka Bond kodziwika kaja kanafika kukhoti. Dzina lolembedwa ndi la Monty Norman, koma amene anakakonza kuti kamveke momwe timakadziwira ndi John Barry, ndipo mu 2001 Norman anapambana mlandu ku London nyuzipepala ya Sunday Times italemba kuti mwini wake weniweni ndi Barry. Woimba gitalayo, Vic Flick, anangolandira mapaundi 6 basi.

"Oimba ndife amodzi dziko lonse," anadandaula. "Fanta ndi zikomo."

Pofuna kumutonthoza, benchi lonse linayamba kuimba kanyimboko ndi pakamwa, aliyense kiyi yake, mpaka mayi wa saluni ya pafupi anatulukira chipeso chili m'manja kudzafunsa ngati kwagwa zovuta. Anapeza amuna agwirizana chinthu chimodzi chokha tsiku lonse: Die Another Day ya mu 2002 inanyanya, nyimbo ya Madonna ndi makompyuta okhaokha, ndipo galimoto yosaoneka ija ndi bodza la mkunkhuniza.

"Galimoto yosaoneka musaitsutse, ilipo," anatero mayiwo. "Achimwene awa makiyi timawaona tsiku ndi tsiku."

Telala anabwerera pa mashini ake akutsokomola. Wa kabaza, pofuna kuthira mafuta pamoto, anapempha kuti aike No Time to Die ya mu 2021, momwe Bond amafa ndithu, mizinga itamugwera pa chilumba. Wometa anakana kwamtuwagalu. Filimu imeneyo m'babashopu mwake siilowa, chifukwa inaphwanya lamulo loti ekita safa, ndipo poti kumapeto kwake analemba kuti James Bond adzabweranso, iye akudikira kuti amve bodza lomwe adzamudzutsire.

"Wolemba nkhani azilemekeza omvera," anagamula aphunzitsi atatukula chala. "Bodza lililonse likhale ndi mutu ndi miyendo."

Foni yawo inalira. Ataona dzina, anavula chipewa.

"Ee, mayi a kunyumba. Ndikadali pa mzere ku banki kuno. Anthu ndi ambiri zedi."

Mashini ometera anali akulira pafupi ndi khutu lawo, mfuti zikuphulika pa TV.

"Aphunzitsi," ananong'oneza mayi wa saluni, "ndi Loweruka, ndipo ino ndi 4 koloko."

Aphunzitsi anaphimba foni ndi dzanja. "Tsitsani voliyumu, anthu inu. Akufunsa kuti banki yake iti."