Tsokonombwe wa masipuling'i

Mwambi wa tsokonombwe umavutika kuno ku Livingstone. Kwina konse agogo akati "tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha," mwana amagwedeza mutu n'kubwerera pa mzere wake kukalima. Koma kuno tili ndi mlatho wa pa Mosi-oa-Tunya, pomwe munthu amalipira madola oposa 100 kuti amumange chingwe cha mphira m'miyendo, amuwerengere, iye n'kudziponya m'phompho mamita 111 mutu uli pansi, akuitana amake. Akamukoka, amapezeka ali pomwe anali paja. Wadumpha kuposa atsokonombwe onse a ku Chipata ndi ku Katete kuwaphatikiza pamodzi, koma mtunda sanathe ngakhale phazi limodzi. Pobwerera m'tauni akwera takisi ngati wina aliyense.

Malo amenewa ali ndi tsoka pa nkhani yotha mitunda. Mlathowo unamalizidwa mu 1905 chifukwa Cecil Rhodes ankalota njanji yochokera ku Cape Town mpaka ku Cairo. Mwini maloto anamwalira mu 1902 asanauone, ndipo njanjiyo ku Cairo sinafike mpaka lero. Amene anadumpha pamlathopo n'kuthadi kamtunda ndi mtsikana wina wa ku Australia, pa 31 Disembala 2011, chingwe chitaduka. Anagwera mu Zambezi, nasambira miyendo ili chimangire mpaka kugombe, n'kupulumuka. Patangopita masiku ochepa, a Given Lubinda, omwe anali nduna yoona zokopa alendo, anakadumpha okha kuti dziko lione kuti palibe choopsa. Chingwe chinagwira. Nawonso anabwerera pomwe anali.

Ine mlandu wa mwambiwu ndinali nditaugamula choncho mpaka mwezi wathawu, muphwanga atafika kunyumba foni ili patsogolo, moni ali m'mbuyo.

"Amalume, taonani ichi."

Pa kanemayo panali mnyamata wa kunja atavala zitsulo m'miyendo. Anathamanga, n'kudumpha galimoto yoima, n'kupidiguka m'malere, n'kutera choimirira, ulendo n'kupitirira.

"Zimenezi zitafika kuno, amalume, alendo azindijambula pa Mukuni Park paja, ine n'kumatolera. Ndikungosowa poyambira."

Muphwa akakuonetsa kanema mwaulemu chonchi, malume wanzeru amagwira thumba. Ndinagwiradi, koma maso anakana kuchoka pa foni, chifukwa uyu anali wodumpha wopita patsogolo. Agogo anali atapeza mboni. Ndiye popeza ndalama yofunidwayo ndi yanga, ndinayamba kufufuza kuti mboniyo ndi yodalirika bwanji.

Zitsulozo azungu amazitcha jumping stilts. Anazipanga ndi Alexander Böck wa ku Germany, yemwe analembetsa luso lakeli mu 1999 n'kulandira chiphaso cha umwini ku America mu 2004, pa dzina loti Powerskip. Mwendo uliwonse uli ndi chimango cha aluminiyamu, popondapo pomwe nsapato imamangidwa ndi malamba, ndi chogwira pansi pa bondo. Kumbuyo kwa katumba kumadutsa sipuling'i yaitali yokhota ya fibreglass, yomwe imakathera pansi pa kachiboda ka mphira kosakwana chikhatho. Ukavala umatalika pafupifupi theka la mita, ndipo mwendo umodzi umalemera cha m'makilogalamu 4. Akatswiri amadumpha mita imodzi ndi theka m'mwamba, sitepe imodzi n'kuyandikira mamita 3, liwiro n'kufika makilomita 30 pa ola. Muphwanga anamva manambala amenewa okha. Zotsatirazi anali atazidumpha.

Choyamba, masipuling'iwa amagulitsidwa motengera kulemera kwa munthu. Pamafunika kukwera sikelo n'kunena zoona, chinthu chimene ambirife tinasiya kalekale. Ukadzichepetsa, sipuling'i imakhala yofewa, imaphwathalala pansi n'kukusiya pompo. Ukadzikweza, imakhala gwa, osapindika, iwe n'kumangopondaponda thukuta lili kamukamu. Kubwereka ya mnzako wonenepa n'kosathandiza, ndipo za khasu lobwereka nonse mukuzidziwa.

Chachiwiri, usanaganize zouluka umavala ngati ukupita kukagwa, chifukwa ukupitadi kukagwa: helemeti kumutu, zoteteza mawondo, zigongono ndi mfundo za manja. Manja ndiwo amathamangira pansi munthu akamagwa, ndipo kugwa kwa munthu amene wadziwonjezera theka la mita kumamveka mpaka kwa aneba. Povala sukhala pa kampando ka m'khichini, chifukwa sudzadzukapo. Umakhala pamalo okwera, pakhoma la mpanda kapena kumbuyo kwa pikapu, n'kumanga malamba zolimba, mwendo usamagwedere m'kati.

Kenako umaimirira, n'kuzindikira kuti kuima kulibe. Kachiboda kaja n'kochepa moti sungakhazikike pamalo amodzi. Uyenera kumangosuntha mapazi, kumanzere, kumanja, kumanzere, ngakhale ukupatsana moni ndi apongozi. Kugwada n'kosatheka, kunjuta n'koika moyo pachiswe. Chida chimenechi anachipanga munthu wa kudziko kumene apongozi amapatsidwa moni choimirira.

Komabe ife a kum'mawa chinthu chachitali choyenda m'mwamba sichitidabwitsa. Amene anafikako ku Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti anamuona Makanja akutulukira pamwamba pa mitu ya anthu. Za mmene anatalikira choncho n'zakudambwe, sindizilowa, ndipo ngakhale a UNESCO polemekeza Gule Wamkulu mu 2005 sanaziike poyera. Chomwe maso a aliyense amaona n'chakuti Makanja saima duu. Amangosendera uku ndi uku, ndipo pansi pamakhala omuperekeza maso ali tcheru. Ngati chilombo chenicheni chimayenda ndi operekeza, kuli bwanji mwana wa mlongo wanga amene amapunthwa pa chitseko cha nyumba yake yomwe?

Ndiye masiku oyamba ndi a khoma ndi phewa la mnzako. Ena amamanga chingwe pakati pa mitengo iwiri n'kumayenda atachigwira, ndipo mitengo ya mango ku Livingstone sisowa. Umanyamula bondo m'mwamba kuti chiboda chisakwekwereze pansi, miyendo motangadza pang'ono kuti masipuling'i asagundane, maso kutsogolo. Woyang'ana pansi amapita komwe wayang'anako. Munthu wa ndevu zake amene anabwera kudzadumpha magalimoto amapezeka akuphunzira sitepe ya mwana wa chaka chimodzi, ana a m'mudzi atakhala pampanda kuyembekeza chinthu chimodzi chokha.

Chinthucho chimabwera, n'chifukwa chake odziwa amati kugwa uphunzire dala, usanagwe mwangozi. Ugwere kutsogolo, pa zoteteza zija, osati chagada. Ukagwa ndiye pamayamba ntchito ina, chifukwa kudzuka ndi miyendo imeneyi ndi luso palokha. Wongoyamba kumene amakwawa mpaka pamtengo, kapena kudikira wachifundo amudzutse. Pa kanema wa muphwanga gawo limeneli analidula.

Kudumpha kwenikweni kumabwera pomalizira, ndipo apa ndi pomwe nkhaniyi inandigwira mtima. Umayamba ndi kunjanja pang'onopang'ono, miyendo yonse iwiri pamodzi, thupi lili chilili. Mphamvu umaiponda ndi chidendene, osati zala, ndipo mawondo sayenera kupindika kwambiri. Izi n'zotsutsana ndi zonse zimene thupi linaphunzira chibadwire. Munthu ukamatera, mawondo amafuna kupindika kuti akuteteze, koma akatero amameza mphamvu yonse, sipuling'i n'kukhala yopanda chobweza. Wamantha amapinda mawondo, amawerama, amatera mozemba, ndipo sakwera. Kenako amati chitsulocho n'chakufa. Chitsulo chilibe mlandu. Chimafuna uchipatse thupi lako lonse, kulemera kwako konse, mosanyinyirika, icho n'kukubwezera. Sipuling'i ilibe chiwongoladzanja: chomwe waikamo ndi chomwe utapemo, n'kuchotsapo pang'ono. Mita ndi theka ija siibwera ndi kudumpha kumodzi. Kunjanja kulikonse kumaonjezera pa kwa m'mbuyo, kachitatu kukwera kuposa kachiwiri, mpaka mwini wake kudabwa kuti akuona pamwamba pa malata.

Tsono apa ndi pomwe Böck akupezeka kuti anachedwa. Mu 1975 katswiri wa za tizilombo, Henry Bennet-Clark, anafalitsa kafukufuku wake pa mmene dzombe limadumphira. Minofu ya chiwala payokha siingathe kukankha mwaliwiro lofunika. Chimene chimachitika n'chakuti chiwala chimayamba chapinda miyendo yakumbuyo, n'kukoka minofu mwakachetechete kwa kanthawi, mphamvuyo n'kumasungika m'chikamba cholimba cha pabondo chimene chimapindika. Ikakwana, chimamasula kamodzi n'kamodzi. Dzombe ndi tsokonombwe ndi pachibale. Ndiye kuti mkulu uja wa m'mwambi, wakhungu lokhakhala, amene ana timamutola m'munda n'kumamuseka, ankayenda ndi masipuling'i kuyambira kale, popanda chiphaso cha ku America ndi malume omugulira. Timamuona atangoti phee pa dothi n'kumati ndi ulesi, pomwe iye akutchera.

Ndinamufotokozera zonsezi muphwanga, iye n'kungofunsa kuti, "Ndiye kuchoka m'tauni kukafika kumathithi zingatenge nthawi yaitali bwanji, amalume?"

Tinawerengera. Kuchoka pa Livingstone Museum kukafika kumathithi ndi makilomita pafupifupi 10. Pa sitepe ya mamita awiri ndi theka, ndi masitepe 4,000. Papepala n'zotheka ndithu. Koma masipuling'i amafuna pouma, posalala ndi polimba, pomwe tauni yathuyi inakhala pamchenga. Ukangopatuka pa tala kulowa m'tinjira ta ku Maramba kapena ku Dambwa, chiboda chimatitimira, mphamvu yako mchenga n'kulandira osabweza. Ukati utsate msewu wa Mosi-oa-Tunya, muli mathiraki opita kumalire. Ukapitirira, pali njovu zimene zimadutsa msewuwo nthawi imene zafuna. Malangizo a njovu amati usathamange, khala bata. Malangizo a masipuling'i amati usaime. Kukwera mumtengo sungathe, kulowa m'takisi sukwanamo. Ukapulumuka pamenepo, anyani a pachipata akudikira thumba lako, ndipo nkhungu ya mathithi yanyowetsa njira yonse, mphira n'kumaterereka. Zonsezi uli ndi makilogalamu 8 m'miyendo, dzuwa lili pamutu.

Mumsewu womwewo, m'mamawa, mumadutsa anthu amene mtundawo amauthadi. Ndi azibambo a njinga aja, atasanjikiza matumba ndi makatoni mpaka mwini wake osaoneka, akupalasa kulowera kumalire. Pokwera amatsika n'kukankha. Pamlatho amadutsa pambali penipeni pa odumpha a madola aja, osacheuka n'komwe, n'kukagulitsa tsidya la Zimbabwe, madzulo n'kubwerera. Mawa lake chimodzimodzi. Mukaphatikiza maulendo awo a chaka ndi chaka, ena mwa iwo ku Cairo kwa Rhodes anafika kale n'kubwerako, ana n'kuphunzira, nyumba n'kufoleredwa. Palibe amene amalipira kuti awaonere.

Apa ndi pomwe ndimasiyana maganizo ndi mafoni athuwa. Kanema amationetsa munthu ali m'malere basi. Kutchera kuja amakudula, kugwa amakudula, kukwawira kumtengo amakudula. Ana athu akuona kudumpha kwa anzawo popanda kuona mawondo awo, ndiye akuganiza kuti moyo ndi kupeza chitsulo choyenera: bizinesi ya pa intaneti yobweza kawiri pa sabata, kubetcha kwa mpira, ulendo wa ku Joni wongomva. Tsidya lomwelo la mlatho anayesapo kudumpha kotere ndi ndalama, mpaka mu 2009 kusindikiza pepala limodzi la madola 100 thililiyoni. Lero mapepalawo anyamata amagulitsa kwa alendo ngati chikumbutso, pamodzi ndi mvuu zosema.

Sindikunena kuti muphwanga asiye maloto ake. Mwana amene akufuna kusangalatsa anthu ndi thukuta lake ndi wabwino kuposa wongokhala pa shopu kudikira mwayi, ndipo masipuling'iwo ndawakonda pa chifukwa chimodzi: sanamizika. Mayeso munthu amabera, ntchito amalowera kwa achibale, koma chitsulochi sichidziwa kuti malume ako ndani. Chimakupatsa zomwe waponda. Mphunzitsi wotere ngosowa masiku ano.

Choncho tinagwirizana motere. Helemeti ndi zoteteza mawondo, zigongono ndi manja ndigula ine, zatsopano, ndipo phewa langa alipeza madzulo alionse pansi pa mtengo wa mango. Miyendoyo agula yekha, ndalama yake azisonkhanitsa pang'onopang'ono.

"Koma amalume, zimenezo zitenga chaka chathunthu!"

Ndinamuuza kuti ayambe wakakwera sikelo.