Makina Olima Nyimbo

AGOGO: Bwera nayo kuno foniyo, mkazi wanga. Ndiye chitsulo chili pachithunzichi n'chimene chikukuiwalitsa kumudzi? Walembedwa ntchito pachigayo?

MDZUKULU: Si chigayo, agogo. Ndi makina osemera mbale za nyimbo. Amatchedwa Neumann VMS 70, anapangidwa ku Berlin m'zaka za m'ma 1970. Situdiyo yathu ku Joni inawagula atachita dzimbiri, ndiye tikuwadzutsa.

AGOGO: Kugula maliro! Atsopano anatha m'sitolo?

MDZUKULU: Kampaniyo inasiya kuwapanga kalekale, ma CD atalanda msika. Kachitsulo kakathyoka timafunsa amisiri okalamba a ku Ulaya, apo ayi timasulitsa kena.

AGOGO: Ehe! Galamafoni yanga ya ku Wenela ija amayi ako ankati n'zachikale, mpaka nkhuku kumaikiramo mazira. Lero ophunzira mukugwadira dzimbiri.

MDZUKULU: Yanu inkangoimba. Awa amalowetsa nyimboyo m'mbale. Timaika mbale ya aluminiyamu yomatidwa utoto wofewa, n'kumazungulira ka 33 ndi pang'ono pamphindi. Kasingano ka mwala wa safiro, kotenthetsedwa ndi kawaya, kamasema mzere. Mawu akamalowa kamanjenjemera, mzerewo n'kumakhotakhota.

AGOGO: Mizere ingati?

MDZUKULU: Umodzi wokha, kuyambira m'mphepete mpaka pakati. Mutautambasula ungayandikire theka la kilomita.

AGOGO: Aa, umenewo ndi ulimi basi. Ukathithikiza mizere mbewu zimalimbirana, ukatalikitsa munda umatha mbewu ikadali m'lichero.

MDZUKULU: Agogo... n'zimene zikutisowetsa tulo zimenezo. Ng'oma ikalira mwamphamvu mzere umakhota kwambiri, umafuna malo. Ukaumana malo umalowerera mnzake, singano n'kumadumpha. Ukaupatsa ochuluka, mbale imadzaza nyimbo isanathe. Makinawa ali ndi kakompyuta kamene kamamvera nyimbo isanafike pasingano, n'kumasendeza mizere kokha. Ndi kamene tinakapeza katafa.

AGOGO: Fizi yonse ija, mbuzi zanga zija, unkakaphunzira kulima mizere? Ine ndikanakuphunzitsa ndi tambala mmodzi. Nanga mzere ukapotoka mumagumula?

MDZUKULU: Siugumulika. Mbaleyo timataya, ndipo mtengo wake si wamasewera. Mu Febuluwale 2020 fakitale ya Apollo yopanga mbalezi ku California inapsa, dziko lonse n'kutsala likuyang'ana kwa MDC ya ku Japan.

AGOGO: Mbale kuchokera ku Japan, yosadyerapo ndi nsima yomwe! Mukaisema mumavina nokha m'chipindamo?

MDZUKULU: Imapita kufakitale. Kumeneko amaikuta ndi siliva ndi nikelo kuti patuluke chidindo, chidindocho n'kumadinda mbale zambirimbiri.

AGOGO: Takuza apa. Chibotolo chachitsulo icho ndi cha kachasu wa amisiri?

MDZUKULU: Ndi mpweya wa helium, woziziritsa mutu wosemera. M'kati mwake muli timawaya tonga tsitsi. Woimba akachulutsa "sss" timatentha, ndipo tikapsa abwana amagwira mutu wawo.

AGOGO: Ndiye oimba a mpata kumano muziwabwezera pageti. Atsegule kaye pakamwa, mlonda aone.

MDZUKULU: Tili ndi chida chochepetsera "s" ameneyo, agogo.

AGOGO: Mlonda ndi wotchipa. Nanga ulusi wakuda uwo uli m'kabotolo ka madzi?

MDZUKULU: Ndi zopalidwa pambale. Singano ikamasema, kapaipi kamayamwa ulusiwo n'kukauponya m'madzi. Ukangonunkhiza moto umalilima nthawi yomweyo.

AGOGO: Umalilima? Ngakhale m'dzinja?

MDZUKULU: Ndi woopsa, agogo, sitiusunga n'komwe.

AGOGO: Mumataya? Anthu ophunzira inu! Mkazi mnzako uyu m'mawa uliwonse amauzira nkhuni zonyowa mpaka misozi, ine n'kumatsokomola m'bulangeti. Pa Khirisimasi ubwere nalo thumba lathunthu.

MDZUKULU: Andimanga pa Mwanza pompo! Akafunsa kuti m'thumbamo muli chiyani ndidzati chiyani?

AGOGO: Udzati ndi madeya a nyimbo. Madeya salipira msonkho.