Sinthani Kampani, Nambala Isiyeni

Adzukulu anga nonse a ku Mangalande, wa ku Leicester, wa ku Manchester, ndi iwe wa ku Glasgow amene umati kumeneko kumazizira mpaka zala kukanika kuimba foni, khalani pansi. Amuna anga, vulani zipewa. Akazi anzanga, mangani bwino zitenje ngati mudakali nazo. Tizingwe ta m'makututo chotsani. Lero bwalo lakhala. Wodandaula ndine, mboni ndine, woweruza ndinenso. Wofuna apilo akafune gogo wina.

Mlandu wanu waukulu ndi umodzi: kukhulupirika munakuika posayenera. Kampani ya intaneti imene imakukwezerani mtengo chaka ndi chaka mumaikakamira, pamene nambala ya foni imene mtundu wonse unaloweza mumaitaya osaganizirako munthu. Kope langa la manambala lafika pochititsa manyazi, dzina limodzi manambala ofufutidwa tsamba lonse. Ine ndinapuma pa uphunzitsi, ndipo mwana akanandibweretsera kope lotere ndikanamubweza kuti akalembenso. Mlanduwu uli ndi nthambi zake, ndiye tiutenge pang'onopang'ono.

Choyamba, simuwerenga makalata. Ndinadzionera ndekha pamene ndinabwera kudzaona ana anu: maenivelopu osatsegula ali mulu kuseri kwa chitseko, munthu wa digiri akuwalumpha popita ku ntchito. Ine wa magalasi ndi amene ndinakhala pansi n'kuwerenga timalemba ting'onoting'ono ta kumunsi. Kumeneko kuli bungwe lotchedwa Ofcom, limene limayang'anira za mafoni, intaneti ndi mawailesi monga imachitira MACRA kuno. Kuyambira Febuluwale 2020, bungweli linalamula kuti kampani izikudziwitsani kontirakiti yanu isanathe, kukatsala masiku apakati pa 10 ndi 40. Uthengawo umanena tsiku lothera kontirakiti, ndalama zimene mukulipira panopa, zimene muzilipira ikatha, ndi mitengo yabwino imene kampaniyo ili nayo. Inu mumaona dzina la kampani pamwamba, basi mwataya. Miyezi 18 kapena 24 ija ikakwana, mtengo wokunyengererani uja umatha nawo, wina wokwera n'kulowa, ndipo banki imangopereka mwezi ndi mwezi inu muli mtulo. Woyandikana naye nyumba amene walowa dzulo akulipira zochepa pa intaneti yomweyo. Inu akale, okhulupirika, ndi amene mukumugulira. Kampani si malume anu, ana inu. Siidzabwera pa chinkhoswe chanu.

Chachiwiri, simudziwa masamu a mwezi wa Epulo. Kwa zaka zingapo makampani ambiri ankalemba m'kontirakiti kuti chaka chilichonse mtengo uzikwera molingana ndi kukwera kwa zinthu m'dziko, n'kuwonjezerapo 3.9 peresenti. Munasaina osafunsa. Mu 2023 zinthu zitakwera kwambiri, makasitomala a BT ndi EE anaona mabilu awo akukwera ndi 14.4 peresenti ulendo umodzi, ali pakati pa kontirakiti, kothawira kulibe. Chaka chimenecho ndi chimene munkandiuza kuti "Agogo, zinthu zavuta kuno, mwezi uno mupirire." Ndinapirira, koma tsopano ndadziwa kumene kunkapita ndalama yanga ya sopo. Kuyambira pa 17 Januwale 2025, Ofcom inaletsa zimenezo pa makontirakiti atsopano. Kukwezako sikunathe ayi, koma tsopano ayenera kukuuzani m'mapaundi ndi mapeni, musanasaine, kuti adzakweza ndi zingati ndipo liti. Ndiye musamangoona mtengo wolembedwa ndi malemba aakulu. Tengani pensulo, wonkhetsani miyezi yonse 24 pamodzi ndi kukwera kwake, ndi ndalama yolumikizira ngati ilipo, kenaka yerekezani ndi kampani ina. Masamu a Sitandade 5 amenewa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chachitatu ndi ulesi, umene inu mumautcha kutanganidwa. Mumati kusintha kampani n'kovuta, kumafuna kukhala pa foni tsiku lonse ukumvera nyimbo yosatha, kenaka wina n'kumakuchonderera kuti usachoke. Zinali choncho, sindikukana. Koma kuyambira pa 12 Sepitembala 2024 kuli dongosolo lotchedwa One Touch Switch. Mumangolankhula ndi kampani yatsopano yokha, iyo ndiyo imakauza yakaleyo kuti mukuchoka. Yakaleyo imakutumizirani uthenga wonena ngati pali ndalama yolipira chifukwa chochoka nthawi isanakwane, ndi zina zimene mutaye mukachoka. Mukavomera, amagwirizana tsiku, yakale n'kuzima, yatsopano n'kuyaka. Simuyeneranso kulipira makampani awiri pa masiku omwewo. Ndipo ngati mwasaina pa foni kapena pa intaneti, lamulo limakupatsani masiku 14 oti musinthe maganizo. Ife kale kuti munthu akhale ndi lamya m'nyumba, ankalembetsa ku positi ofesi n'kudikira mpaka kuiwala kuti analembetsa. Inu zonse zili pa chala, koma chalacho n'cholemera.

Tsono iwe wa ku Manchester, usamwetulire poganiza kuti mlanduwu sukukukhudza chifukwa umasintha kampani pafupipafupi. Wako ndi wina: umasintha osadziwa chimene ukusintha. Unachoka uku kupita uko chifukwa intaneti imachedwa, ukafika uko ikuchedwabe, iwe n'kumati anakulodza. Palibe anakulodza. BT, Sky, TalkTalk, Plusnet ndi ena ambiri amadutsa m'mawaya amodzimodzi a Openreach. Zili ngati mabasi a pa msewu wa M1: usinthe basi kangati, ngati msewu uli ndi maenje pa Ntcheu, nonse mugwedezeka pomwepo. Virgin Media ili ndi mawaya akeake, ndipo m'mizinda ina muli CityFibre ndi ena ang'onoang'ono. Funso loyamba likhale lakuti, kodi waya wofika pa nyumba yanga ndi wotani, wakale wa kopa kapena faiba yolowa mpaka m'nyumba? Lachiwiri, kodi mukundilonjeza liwiro lotani lochepetsetsa? Lachitatu udzifunse wekha: rauta unaiika kuti? Ine ndinaipeza pansi, kuseri kwa sofa, itafundidwa jekete, iwe ukutukwana kampani uli m'chipinda cha pamwamba. Safunsa anadya phula.

Pali chinanso chimene inu okhala m'nyumba za lendi mumaiwala. Nyumba mwagwirizana miyezi 12, intaneti mwasaina miyezi 24. Mukasamuka, kontirakiti siitsala m'nyumbamo, imakutsatani. Ngati kampaniyo siifika kumene mwapitako, kapena chitupa chokhalira m'dzikomo chatha ndipo mukubwerera kuno, akhoza kukulipiritsani miyezi yotsalayo. Funsani zimenezi musanasaine, osati katundu ali kale m'galimoto. Makontirakiti a mwezi umodzi umodzi alipo, ndi okwererapo mtengo koma samanga munthu miyendo. Ndipo pochoka, rauta ndi kabokosi ka TV mubweze ngati akufuna, risiti ya ku positi musunge. Musathawe bilu yomaliza poganiza kuti ndinu alendo sakupezani. Kumeneko ngongole imalembedwa pa dzina, ndipo tsiku lofuna ngongole ya nyumba kapena ya galimoto mudzaipeza ikukudikirani pakhomo la banki.

Tifike pa TV, pamene pali misozi yanga yeniyeni. Munanditengera ku sitolo kukandigulira nsapato mukuwerengera peni iliyonse, koma m'nyumba muli matchanelo mazanamazana amene palibe amawaonera. Ana ali pa YouTube, mayi awo ali pa Netflix, bambo akudikira mpira wokha. Mpirawonso anaugawa pawiri, wina uli ku Sky Sports, wina ku TNT Sports imene kale inkatchedwa BT Sport, ndiye mumalipira uku ndi uku. Chimene chimandiseketsa n'chakuti masewera a Premier League oyamba 3 koloko Loweruka saonetsedwa pa TV kumeneko, chifukwa pali lamulo lakale loletsa kuonetsa mpira kuyambira 2:45 mpaka 5:15 masana a Loweruka, kuti anthu azipita ku mabwalo. Agogo anu aamuna amawaonera kuno pa SuperSport, atakhala pa benchi pa golosale, kenaka n'kukuimbirani kukuuzani zigoli za timu imene bwalo lake mumaliona pa windo. Munakwera ndege kukakhala pafupi ndi mpira kuti muziumvera kwa munthu wa kumudzi!

Mukamasintha intaneti, musaganize kuti TV yolipira ija yazimanso yokha. Dongosolo la One Touch Switch ndi la intaneti ndi foni ya m'nyumba. Za TV funsani padera, mwina ili ndi kontirakiti yakeyake ndi masiku ake ochenjezera. Komanso laisensi ya TV si ya kampani iliyonse mwa amenewa. Ndi ya nyumba, ndipo imafunika ngati mukuonera pulogalamu iliyonse pa nthawi imene ikuulutsidwa, pa tchanelo chilichonse, kapena ngati mukugwiritsa ntchito BBC iPlayer. Mu Epulo 2025 inafika pa £174.50 pa chaka, ndipo wopezeka akuonera alibe akhoza kulipitsidwa mpaka £1,000. Mukasamuka, isamutseni nayonso. Sindinalere makolo anu kuti mdzukulu wanga akaimirire m'khoti chifukwa cha kanema.

Foni ya m'nyumba nayonso ikusintha. Mawaya akale a lamya akuzimitsidwa, ndipo BT inaika Januwale 2027 kukhala malire. Foniyo tsopano izilumikizidwa ku rauta, kutanthauza kuti magetsi akathima nayonso yathima. Ife a kuno za kuthima kwa magetsi ndife aphunzitsi anu, ndiye mverani: foni ya m'manja izikhala ndi moto nthawi zonse, ndipo ngati m'nyumba muli wodwala kapena wokalamba wodalira foni ya m'nyumbayo, auzeni a kampani musanasinthe.

Tsopano mlandu umene wandiitanitsa bwalo lino, wa nambala. Mwaona simukhadi yotchipa, ya Lebara kapena Lycamobile kapena ina iliyonse yolonjeza mphindi zoimbira kunja, mwagula, yakale mwaponya m'dirowa. Ine kuno ndagula mayunitsi, ndakwera pa chulu pamene pamagwira netiweki, ndaimba, akundiyankha ndi mayi wachizungu wa mawu okoma kuti nambalayi kulibe. Kukagwa maliro timakufunani kudzera mwa anzanu a anzanu pa Facebook. Zoona zimenezo? Chikhalirecho njira yosungira nambala potumiza meseji ilipo kuyambira Julayi 2019, ndipo ndi yaulere. Mumalemba meseji ya mawu akuti PAC n'kutumiza ku 65075. Pasanathe mphindi amakuyankhani ndi kodi yanu, n'kukuuzaninso ngati muli ndi ngongole. Kodiyo imagwira ntchito masiku 30. Mukaipereka ku kampani yatsopano, nambala yanu yakale imasamuka pofika tsiku lotsatira la ntchito. Wofuna kungodziwa zimene angalipire akachoka amatumiza INFO ku 85075. Palinso ina ya STAC, yotumiza ku 75075, ya anthu ofuna kuchoka n'kuitaya nambala. Imeneyo m'banja lino ndaithetsa. Aliyense woigwiritsa ntchito ndiyesa kuti akuthawa ngongole kapena apongozi.

Musandiuzenso kuti foni ndi yokhoma, siilola simukhadi ina. Kuyambira Disembala 2021 makampani a kumeneko analetsedwa kugulitsa mafoni okhoma. Ndipo iwe amene unatenga foni pa kontirakiti zaka zitatu zapitazo, foniyo unamaliza kulipira kalekale. Ngati bilu yako siinatsike, ukugula kachiwiri foni imene ili kale m'thumba mwako, yoswekaswekayo. Tenga simukhadi yokha, nambala yomweyo. Kusunga nambalako sikuthandiza ine ndekha. Banki yako, dokotala wako, sukulu ya ana ndi WhatsApp yako zonse zimadziwa nambala imeneyo, ndipo tsiku limene banki idzatumize kodi ku simukhadi imene unataya, udzandikumbuka. Mawu a akuluakulu akoma akagonera.

Chigamulo ndi ichi. Aliyense atsegule makalata ake sabata ino, apeze tsiku lothera kontirakiti ya intaneti, ya foni ndi ya TV, alembe pa kalendala ya kukhitchini. Amene kontirakiti yake inatha kale aimbire kampani yake, aiuze mtengo umene wapeza kwina, alankhule mwaulemu koma asachite manyazi. Anthu amene mumatsitsitsa mtengo wa tomato ku Lizulu mpaka wogulitsa kulira, mukafika kwa azungu mumangoti zikomo. Akatsitsa, khalani. Akakana, chokani, nambala m'manja. Tiyerekeze kuti mwapulumutsa £10 yokha pa mwezi: pa chaka ndi £120, ndipo musavutike kuganiza kumene ingapite, Airtel Money yanga ikugwira ntchito, Mpamba nayonso ndili nayo.

Chindapusa cha mlanduwu chikanakhala mbuzi, koma poti mbuzi siikwera ndege, aliyense aziimba Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi, pa vidiyo, ana ali pomwepo atasamba. Iwe wa ku Glasgow uyambe ndiwe, ndipo uvale magolovesi. Bwalo labalalika, kaphikeni nsima.