Ulemu kwa Sing'anga wa Ziphuphu

Tiyeni tiimirire, tipereke ulemu kwa Gaussian Blur, sing'anga wosalipiritsa nkhuku. Ziphuphu zimene zinakanika mafuta onse a mumsika iye amazichotsa mwiniwake ali kunyumba. Wojambula amangotsegula Photoshop, n'kusanjika chithunzi chachiwiri pamwamba pa choyamba, n'kuchithira chifunga, kenako n'kutsitsa opacity mpaka chapansicho chiyambe kuonekera. Basi, makwinya apita, munthu akuwala.

Dzinalo ndi la Carl Friedrich Gauss, katswiri wa masamu wa ku Germany, amene mu 1801 anawerengetsera pamene chinthu cha kuthambo chotchedwa Ceres chidzaonekerenso chitasowa m'kuwala kwa dzuwa. Iye ankapeza zotayika kuthambo, koma lero masamu ake akusowetsa mphuno za akwatibwi.

Chondikomera kwambiri ine ndi nzeru za ojambula athu. Munthu amayamba wagula kamera ya ndalama zankhaninkhani, yoonetsa nsidze imodziimodzi, kenako n'kuchezera usiku wonse kufafaniza zomwe kamerayo yaona. Akale a ku Hollywood sankasakaza chuma chotero: ankangopaka Vaseline pagalasi la kutsogolo kwa kamera, kapena kukungapo sokosi yopyapyala ya amayi.

Amayi ena kuseri kwathuku anapachika pabalaza chithunzi chawo chimene anajambulitsa pachinkhoswe cha mwana wawo. Nkhope ndi ya mtsikana wa Fomu 2, koma khosi ndi manja n'za zaka zawo zenizeni, poti mnyamata wa pasitudiyo anathera mphamvu kumaso. Mdzukulu wawo mpaka lero amafunsa kuti antiwa ndi ndani. Eni ake amangomwetulira, ati, "Ndinagona bwino tsiku limenelo."

Nanga nyengo ya kampeni! Mitengo ya magetsi imadzaza nkhope zosalala, zopanda ngakhale kachipsera ka paubwana. Ku Norway, kuyambira mu 2022, chithunzi chotsatsa malonda chimene khungu lakonzedwa chimayenera kukhala ndi chizindikiro. Kuno timavotera chifunga, ndipo poti andale akapambana saonekanso, nkhope yeniyeniyo tidzaionera kuti? Mwina bwana amadutsa pamsika tsiku ndi tsiku, ife osawazindikira.

Pempho langa n'limodzi, bwana: mnyamata amene anakusalazani masayayo mumutumize ajambule msewu wathu. Maenje asalale pachithunzi chokha, tizichionetsa kwa wa kabaza akamakweza mtengo.