Tsokonombwe wa matayala anayi

Galimoto zazitali zakale, monga Toyota RAV4, Nissan X-Trail ndi Honda CR-V zopangidwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, sizisowa ku Nancholi, ndipo zambiri zikuyenda modumpha. Chigwereni mphamvu ndalama ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, masipeya anakwera mtengo mwakuti eni galimotozi anagwirizana, osachita msonkhano, kuti ma shock akhoza kudikira. Motero mwambi woti tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, womwe akale ankalimbitsa nawo mtima munthu wa pang'onopang'ono, lero ukungofotokoza zimene zimaoneka m'mawa uliwonse m'misewu yafumbi yokatulukira kumsewu wa Chikwawa. Mtundawo galimoto imauthadi, kungoti zotsala m'njira zimachuluka.

Chimene chimanyamula galimoto ndi sipuling'i, osati shock. Ntchito ya shock ndi kuletsa sipuling'i kupitiriza kunjanja tayala likamenya bampu. Mkati mwake muli pisitoni yomwe imakankha oyilo kudzera m'timabowo ting'onoting'ono, ndipo kuvutikira kudutsa kwa oyiloyo n'kumene kumazimitsa kudumpha. Kutsogolo kwa RAV4 kuli strut, yomwe ndi shock ndi sipuling'i zomangidwa pamodzi, ndipo imagwiranso tayala kuti liime bwino pokhota. Oyilo akadontha n'kutha, pamatsala sipuling'i yokha. Apa galimoto ndi tsokonombwe akhala pachibale, pakuti nayenso ali ndi sipuling'i m'miyendo yakumbuyo koma shock alibe. Mwayi wake ndi woti sanyamula mazira, apongozi kapena thumba la makala, ndipo palibe anamuitanitsapo COF.

Kuyesa shock n'kosavuta. Munthu amakanikiza ngodya ya galimoto mwamphamvu n'kuisiya: ikadzuka n'kukhazikika, zili bwino, ikayamba kugwedera kawiri katatu ngati ikuvomereza zonse, shock yapita. Oyilo wonyowetsa thunthu la shock ndi umboni winanso.

Wofuna kugula ma shock ali ndi njira zingapo, ndipo iliyonse ili ndi aneneri ake. M'mashopu a ku Limbe muli ma shock atsopano a mayina odziwika, monga KYB, Monroe ndi Gabriel, pamtengo womwe umachititsa munthu kufunsa kawiri ngati wamva bwino. Pambali pake pamakhala ena amayina osamvekapo, otchipa, omwe ena amagwira ntchito ndithu pomwe ena amafa mvula isanathe. Oopsa kwambiri ndi achinyengo ovala bokosi la dzina lalikulu. Mtengo ukatsikitsitsa, wogula ayenera kukayika. Kumsika wa Ndirande kuli ochotsedwa m'galimoto zina, ndipo apa mwayi ulipo kwa wodziwa kusankha: shock yabwino imakana poikanikiza ndi poikoka, mosadukiza, ndipo chitsulo chake chonyezimira sichikhala ndi dzimbiri kapena zokala. Njira yomaliza ndi ya amisiri oboola shock yakufa, kuthiramo oyilo, kutseka ndi kupaka penti yakuda. Lusolo n'lotamandika, koma chimene chinatha ndi rabala yotsekera oyilo, ndipo rabalayo penti saidziwa.

Apa m'pamene mwambi umayamba kusocheretsa. Nzeru ya tsokonombwe imati gula chimodzi mwezi uno, china mwezi wamawa. Galimoto imakana. Ma shock amasinthidwa awiriawiri, kumanja ndi kumanzere pamodzi, chifukwa yatsopano ikakhala ndi yakufa mbali inayo, galimoto imapendekera pokhota ndi pomanga mabuleki. Makaniko akati "bwana, inayi iyendabe," sakunama, koma sanatchule kuti iyenda mpaka kuti.

Ku matayala ndiye chiphunzitso cha pang'onopang'ono chili ndi otsatira ambiri. Malipiro a January amagula tayala limodzi la ku China. A March amagula la kaunjika lochokera ku Japan. Lachitatu limapezeka kwa mlamu yemwe galimoto yake inakhala pamiyala, ndipo lachinayi ndi lija linali la sipeya, lomwe linakwezedwa udindo popanda kufunsidwa. Pofika June matayala onse asinthidwa, mwini wake n'kumanyadira kuti mtunda wautha, osadziwa kuti la January lija layamba kale dazi, chifukwa shock yakufa imachititsa tayala kumenya pansi modumphadumpha n'kudyeka mwa zigambazigamba. Kudumpha kumayambiranso poyambira. Pa galimoto yokoka ndi matayala onse anayi nkhani imakula: matayala osiyana kukula amazungulira pa liwiro losiyana, ndipo zitsulo zogawa mphamvu pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo zimagwira ntchito yosapuma mpaka kuwonongeka. N'chifukwa chake manambala a m'mbali mwa tayala, monga 215/70 R16 pa ma RAV4 ambiri a nthawiyo, ayenera kufanana ponseponse.

Tayala la kaunjika silibisa zaka zake kwa wodziwa kuwerenga. Kumapeto kwa malemba oyamba ndi DOT kuli manambala anayi: 2318 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2018. Opanga matayala ambiri amati lopitirira zaka 10 lichotsedwe ngakhale likuoneka bwanji, poti rabala imauma ndi kung'aluka. M'kati mwa mizere yake muli timizere topingasa totalika mamilimita 1.6, tikalingana ndi pamwamba, tayala latha, ngakhale wogulitsa alipukute ndi polishi. Mizere yochita kusemedwa ndi mpeni imaoneka yakuya koma imafika pafupi ndi mawaya. Palinso matayala olembedwa STUDLESS, omwe amakopa chifukwa cha mizere yawo yambiri. Amenewo anapangidwira chipale cha ku Japan, chomwe ku Nancholi sichinagwepo. Rabala yake ndi yofewa, ndipo phula la mu October limaidya mosachedwa.

Zonsezi zimasekeka pa liwiro la m'makwalala. Koma msewu womwewo wodutsa ku Nancholi ndi umene umapitirira ku Mpemba n'kutsetsereka mokhotakhota kupita ku Thabwa ndi kuchigwa cha Shire. Tayala lomwe lili m'malere silimanga mabuleki ndiponso silimvera chiwongolero, ndipo shock yakufa imaliika m'malere kambirimbiri. Mvula ikagwa, tayala ladazi limayandama pamadzi. Tsokonombwe akadumpha molakwika amagwera paudzu n'kudzuka. Galimoto yodzaza ndi banja paphiri limenelo ilibe udzu wogwerapo.

Ndalama zikachepa, ndondomeko yomveka ndi kuyamba ndi chimene chingaphe msanga. Tayala lotupa m'mbali kapena loonetsa mawaya lichoke tsiku lomwelo. Kenako abwere ma shock awiri a mbali yomwe yafa kwambiri, kutsogolo kapena kumbuyo, matayala atsopano asanaikidwe, kuti asadyedwe pachabe. Ndi bwino kuona nthawi yomweyo mabushi ndi marabala a pamwamba pa strut, poti kugogoda kwina kumachokera kumeneko ndipo iwo ndi otchipa. Strut ikasinthidwa, galimoto ipite ku alignment, ndalama yomwe ambiri amaiona ngati ya msonkho, chonsecho popanda iyo tayala latsopano limadyeka mbali imodzi m'miyezi yochepa.