Bwalo la Milandu ya Zovala Lakumana pa Liwonde

Khalani pansi nonse, milandu yayamba. Woweruza ndine, ndipo mboni yanga ndi dzuwa la Okutobala, lomwe pano pa Liwonde limawotcha mpaka mvuu za mu Shire kuchita ulesi kutulutsa mphuno.

Woyamba ndi mnyamata wokhwefula uja wa pa depoti ya Balaka. Thalauza lili m'mawondo, kabudula wamkati akupereka moni kwa apongozi. Chilango chake: athamangitse nkhuku yophera alendo, manja onse ali m'mwamba.

Achiwiri ndi achimwene a chijekete chaubweya cha pa kaunjika, chomwe adasokera anthu a ku Canada. Kunja kuli ng'anjo, iwo zipi mpaka m'khosi, thukuta kamukamu, ati ndi fashoni. Awa apalase kabaza kuchoka pa Mangochi Turn-off kukafika ku Ulongwe, atakweza matumba awiri a makala. Chijeketecho asavule.

Achitatu ndi abambo a suti yatsopano amene safuna kumatula kansalu ka dzina kali pamkono paja, kuti tonse tidziwe kuti zinthu zikuyenda. Aime kutsogolo kwa ana a Sitandade 8, atchule dzinalo mokweza katatu.

Amayi opita ku msika wa Ntaja pa gogoda m'dzinja, bwalo lakukhululukirani. Matope adakulangani kale.

Nanga uyu wa tisheti ya chipani ichi, chipewa cha chipani icho, ambulera ya chipani chachitatu? Mutayeni. Sanalakwe, wangodziwa kuti chaulere sachitsutsa mtundu.

Tsono musanawombe m'manja, tamverani. Nthabwala zotere zidakhalapo zenizeni. Lamulo la 1973, m'nthawi ya Kamuzu Banda, linkaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo lidapita pamodzi ndi ulamuliro wa chipani chimodzi. Komabe mu Januwale 2012 anyamata ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre ankavula amayi pamsewu chifukwa cha mathalauza omwewo. Woteroyo mlandu wake si wa bwalo lino. Ndi wa ku polisi.

Kwa ena tonsefe, chilango ndi chimodzi: seka chamumtima, kenako udziyang'ane wekha. Ine woweruza ndangoona kumene kuti sokosi zanga n'zosiyana, ina yakuda, ina ya mpira. Bwalo latha.